MASEWERA A ANA NDI MAU A MULUNGU

Mau amene adalankhulidwa kwa nthumwi za Sinodi pa tsiku lokumbukira ntchito ya Sande Sukulu



Pamene a Komiti adandilembera kalata kuti ndidzalankhule za masewera a ana pa msonkhano waukulu ngati uno, ndidayamba ndadodoma. Anzanga apatsidwa mitu yolemera: mbiri ya Sinodi, chuma cha Mpingo, maphunziro a abusa. Nanga ine ndiimirire pamaso pa imvi zonsezi ndi nkhani ya chipako ndi masanje? Koma nditakhala pansi ndidaona kuti mutuwu suli wopepuka konse. Mbusa aliyense pano akatsegula kaundula wa ubatizo wa makanda, nafanizira ndi kaundula wa kalasi patapita zaka khumi ndi ziwiri, adzapeza maina ambiri amene adalowa m'buku loyamba koma sadafike m'buku lachiwiri. Ena adamwalira, ena adasamuka. Koma ambiri alipo, tikumana nao kumsika, ndipo tidawataya tokha pa mphasa ya Sande Sukulu. Chotero funso langa lero ndi ili: kodi mwana wochedwa kumva, mwana wosatha kuwerenga, mwana amene kwao kulibe Baibulo, akachoka pa mphasa imeneyo Lamulungu amapita kwao ndi chiani?

Kulakwa kwanga

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Nditangodzozedwa ubusa adandituma ku mpingo wina wa m'mapulazi a fodya. Ndidapeza ana ochuluka koma ogona tulo, pakuti mphunzitsi ankangowerenga phunziro, iwo nabwereza pambuyo pake. Ine, pokhala ndidali wongochoka kumene ku sukulu ya ubusa, ndidati ndiwadzutsa. Ndidayambitsa mpikisano wosaka mavesi: ndikatchula buku, chaputala ndi vesi, woyamba kupeza alandire kope ndi pensulo. Ana adadzukadi, phokoso lidamveka mpaka kumsewu, ndipo ine ndidadziyesa mphunzitsi waluso. Sindidasamale kuti sabata ndi sabata opambana adali anyamata atatu omwe aja, amene atate ao adali akapitao ndi akalaliki, amenenso kwao kudali Baibulo patebulo.

Tsiku lina, pofuna kuti onse alawe, ndidaitana mtsikana wa zaka ngati khumi amene ankabwera atabereka mng'ono wake kumsana. Ndidampatsa Baibulo langa, ndikutchula vesi la m'buku la Yohane. Mwanayo adalilandira ndi manja awiri mwaulemu, nayamba kutsegula masamba a Genesis limodzi limodzi. Anzake adaseka, ndipo ndinene zoona pamaso panu, inenso ndidamwetulira. Sabata lotsatira sadabwere. Pamene ndidaganiza zokamuyendera, nyengo ya fodya idali itatha, ndipo banja lake lidali litasamuka. Sindidamuonenso kufikira lero.

Amene adandidzudzula adali mai wina wokalamba wa Chigwirizano, amene sadapiteko kusukulu. Adadikira kuti anthu abalalike, nagwada pakhomo la kachipinda kovalira, nati: "Abusa, pepani ndilankhule. Masewera anuwa ndi a ana a akapitao. Nanga ana a ife olima aseweranji? Tandibwerekani anawa Loweruka madzulo." Zimene ndidaona Loweruka limenelo ndizifotokoza posachedwa. Koma phunziro lake ndilo mutu wa mau anga onse: masewera a m'nyumba ya Mulungu ayesedwe ndi mwana wotsiriza, osati ndi mwana woyamba.

Kodi Malembo atilola?

Ndidziwa kuti akulu ena ali ndi nkhawa, ndipo sindiipeputsa. Amati Mau a Mulungu ndi opatulika, tsono kuwasakaniza ndi masewera ndiko kuwachepsa. Tiyeni tifunse Malembo eni ake.

Mneneri Zekariya, pofotokoza Yerusalemu amene Mulungu adzamkonzanso (8:4-5), adasankha zizindikiro ziwiri za mtendere: nkhalamba zokhala chete m'njira za mudzi ndi ndodo zao, ndiponso anyamata ndi atsikana akusewera m'njira zomwezo. Kwa mneneriyu phokoso la ana silidetsa mudzi wa Mulungu, koma lichitira umboni kuti Mulungu wabwerera pakati pa anthu ake. Ambuye Yesu nayenso ankayang'anira ana posewera, pakuti pa Mateyu 11:16-17 adatenga fanizo kwa ana a pamsika amene ankasewera zaukwati ndi zamaliro. Kwathu kuno masewera otere timawatcha masanje.

Ndiponso Mulungu adakonza zinthu dala kuti mwana achite chidwi ndi kufunsa. Mwambo wa Paskha udaikidwa kotero kuti ana afunse tanthauzo lake (Eksodo 12:26). Miyala khumi ndi iwiri ya m'Yordano idaunjikidwa kuti ana a m'tsogolo akaiona afunse makolo ao (Yoswa 4:6). Samsoni adaphera anzake mwambi pa phwando la ukwati (Oweruza 14), ndipo mfumu yaikazi ya ku Seba idadza kudzamuyesa Solomo ndi mafunso ovuta (1 Mafumu 10:1). Ife amene tidalawako Chihebri tidziwanso kuti Salmo 119 lidalukidwa motsata malemba 22 a chinenerocho, lemba lililonse mavesi 8, onse pamodzi mavesi 176. Wolemba salmoli adagwiritsa ntchito luso lothandiza munthu kuloweza, ndipo Mzimu Woyera sadaliyese chipongwe.

Makolo athu m'chikhulupiriro

Mbiri ya Eklesia ivomereza zomwezo. Cha m'ma 403, Jerome, amene adamasulira Baibulo m'Chilatini, adalembera kalata mai wina wa ku Roma dzina lake Laeta, kumlangiza za kaleredwe ka mwana wake Paula. Adamuuza kuti amsemere mwanayo malemba a mtengo kapena a mnyanga wa njovu kuti azisewera nao, kuti ampezere anzake ophunzira nao pamodzi, ndi kuti asamkalipire akachedwa kumva, kuopa kuti angadane ndi maphunziro moyo wake wonse. Comenius, bishopu wa Abale a ku Moravia, adalembera ophunzira ake a ku Hungary masewero oti azichita okha, ndipo m'chaka cha 1658 adatulutsa buku lophunzitsa ana ndi zithunzi. Katekisma wa Heidelberg wa 1563 ali ndi mafunso ndi mayankho 129, ogawidwa pa masabata 52 a chaka, ndipo njira yake ya kufunsa ndi kuyankha siitalikirana ndi ya agogo athu pamoto. Robert Raikes adayamba Sande Sukulu ku Gloucester m'chaka cha 1780 chifukwa cha ana osauka amene ankagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, nangoyendayenda m'misewu tsiku la Sabata. Tisaiwale zimenezi: Sande Sukulu idabadwira mwana wotsiriza.

Kwathu kuno Uthenga utafika pa Mvera m'chaka cha 1889 ndi pa Magwero m'chaka cha 1899, sukulu za m'midzi zidaphunzitsa makolo athu kuwerenga, kotero kuti Buku Lopatulika litasindikizidwa m'chaka cha 1922 lidapeza owerenga ali chire. Tiyamika Mulungu chifukwa cha ntchito imeneyo. Koma tivomerenso kuti pochotsa ana kubwalo chifukwa cha miyambo imene Mpingo udaikana, nthawi zina tidataya nkhwani pamodzi ndi madzi ake. Zilape, nthano ndi masewera a pamwezi zidatsala kunja kwa mpanda, ndipo m'malo mwake tidaikamo benchi ndi kamtengo kolozera. Ngati ndife tidachotsa ana kubwalo, tili ndi mangawa akuwapatsa bwalo lina.

Masewera amene ndawayesa

Tsono nditchule masewera asanu amene ndawayesa ndekha m'mipingo imene ndatumikiramo. Onsewa safuna ndalama.

Oyamba ndiwo zilape, kapena ndagi, amene adandiphunzitsa mai wokalamba uja. Loweruka lija adakhazika ana mozungulira pansi pa mtengo, nafuula, "Chilape!" Ana onse, ndi aja ogona tulo omwe, adayankha pamodzi, "Nachize!" Ndipo adati: "Mlendo adagona masiku atatu m'nyumba yoyenda, mwini nyumba namlavula pagombe." Ana adakangana, wina nati ng'ona, wina nati bwato, kufikira kamnyamata kena kadakumbukira Yona. Mai uja sadathamangire chilape china. Adafunsa: "Nanga mlendoyo ankathawa yani? Adathawiranji?" Chotero nkhani yonse ya Yona ndi Nineve idatuluka m'kamwa mwa ana eni ake. Zilape zotere mungazipeke nokha: "Kamba wa mwana mmodzi adakhutitsa khamu, mkute nudzaza mitanga khumi ndi iwiri." "Wamfupi adatalika ndi mtengo, mlendo namuitana atsike." "Chiweto chidaona chimene mwini wake sadaone." Ubwino wa chilape ndi wakuti sichifuna buku, sichifuna kuwerenga, ndipo chiphunzitsa mwana kufunafuna tanthauzo lobisika kuseri kwa mau, luso lomwe lifunika pomva mafanizo a Ambuye. Ana akazolowera, aloleni apeke zao kuchokera m'phunziro la sabata latha. Pamenepo mudzadziwa zimene adamva.

Achiwiri ndiwo masanje a m'Baibulo. Ana athu safuna kuphunzitsidwa kusewera ngati atate ndi amai, pakuti achita zimenezi tsiku ndi tsiku kuseri kwa nyumba. Mukatha kuwafotokozera nkhani ya Msamariya wachifundo, agawireni mbali: wina wapaulendo, ena achifwamba, wina wansembe, wina Mlevi, wina bulu. Musawalembere mau oti aloweze, alankhule mau ao. Pambuyo pake funsani amene adagona panjira kuti adamva bwanji mumtima pamene wansembe adamlambalala. Yankho la mwana ameneyo kawirikawiri liposa ulaliki wanga. Koma samalani ziwiri. Mbali zizisinthana, mwana mmodzi asakhale Yudase kapena Goliate chaka chonse, pakuti dzina la pamasewera limamatirira. Ndipo Ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye zisaseweredwe konse.

Achitatu ndiwo nkhosa yotayika, ochokera pa Luka 15. Ameneyu ndi chibisalirano, koma chotembenuzidwa. Mwana mmodzi akabisala, mbusa awerenga nkhosa zake napeza kuti yaperewera imodzi, nanka kukaifuna. Pa chibisalirano cha masiku onse wopezeka ndiye walephera, ndipo anzake amseka. Pano wopezeka anyamulidwa, abwera naye pakati pa bwalo, ndipo onse aomba m'manja ndi kululutira. Ndidaona mnyamata wina wovuta, amene aphunzitsi adatopa naye, akupempha kuti abisalenso kachitatu. Sankafuna kubisalako, ankafuna kupezedwa. Abale, chiphunzitso cha chisomo chimene tidachilembera mayeso ku sukulu ya ubusa, mwana ameneyu adachimva m'thupi mwake.

Achinai ndiwo ulendo wa Aisrayeli. Jambulani pansi ndi phulusa njira yochokera ku Aigupto, yodzera pa Nyanja Yofiira, Mara, Elimu, Sinai, Kadesi, Yordano, kufikira ku Yeriko. Pa malo alionse pakhale mwana wamkulu wofunsa zimene zidachitika pamenepo. Ana ayende m'magulu, ndipo lamulo lake ndi lakuti gulu silichoka pamalo kufikira wamng'ono wa onse atatha kuyankha. Potero anzeru aleka kudzionetsa, nayamba kuphunzitsa ang'ono ao. Njira yomweyo ithandiza pa maulendo a Paulo.

Achisanu ndiwo mudzi wa mabuku. Mwana aliyense apatsidwe dzina la buku limodzi mwa mabuku 66, ndipo akhale m'mabanja. Chipangano Chakale chili ndi mabuku 39: a Chilamulo 5, a mbiri 12, a ndakatulo ndi nzeru 5, aneneri akulu 5 ndi aneneri ang'ono 12. Chipangano Chatsopano chili ndi mabuku 27: Mauthenga Abwino 4, Machitidwe, makalata 21 ndi Chivumbulutso. Ana abalalike pabwalo, ndipo belu likalira aliyense athamangire banja lake naime pamalo pake. Ana akachepa, yambani ndi Chipangano chimodzi. Mtsikana wanga uja akadasewera masewerawa miyezi itatu, akadadziwa kuti Yohane akhala pakati pa Luka ndi Machitidwe, angakhale asadadziwe lemba ndi limodzi lomwe.

Machenjezo

Nanga mpikisano wosaka mavesi tiutaye? Iai. Uli ndi malo ake pakati pa ana a kalasi amene onse atha kuwerenga, makamaka akamasaka awiri awiri pa Baibulo limodzi. Koma tikumbuke kuti manambala a m'Baibulo adadza mochedwa. Machaputala amene tili nao adagawidwa ndi Stephen Langton wa ku Canterbury, amene adamwalira m'chaka cha 1228, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano adaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne m'chaka cha 1551. Timoteo adadziwa Malembo kuyambira ukhanda wake, pa miyendo ya agogo ake Loisi ndi amai ake Yunike, wosadziwa nambala ya vesi ndi limodzi lomwe. Mwana angathe kupeza vesi msanga koposa onse, koma osamva chimene linena. Chifukwa chake masewera alionse atsirizike ndi kukhala pansi, kuwerenga ndime yonse, kufunsana tanthauzo lake ndi kupemphera. Masewera ndiwo khomo, koma Mau ndiwo nyumba. Tisasiye ana ataima pakhomo.

Za mphotho ndinene mosamala. Jerome yemwe adalola timphatso tating'ono, ndipo sinditsutsana naye. Koma mphotho ikakula, mwana aphunzira kuti Mau a Mulungu ndi khasu lopezera kope, ndipo kope likatha chidwi chithanso. Ngati pali chogawa, chikhale chokwanira onse, kapena chipite kwa gulu lonse. Ndalama, maere ndi kubetcha zisayandikire pa mphasa ya ana.

Za tsiku la Sabata, nkhawa ya akulu iyenera kumveka. Masewera othamanga ndi aphokoso achitike Loweruka madzulo kapena pa tchuthi. Zilape ndi mafunso zikwanira bwino Lamulungu. Ndiponso ana asasiyidwe ndi munthu wamkulu mmodzi yekha. Pakhale akulu awiri kapena atatu, amai ndi abambo, odziwika ndi bwalo la mpingo, ndipo ana abwerere kwao dzuwa lisadalowe. Mwana wolumala, wosaona kapena wosamva asakhale woonerera chabe. Ngati masewera samlola kulowa, asinthidwe masewerawo.

Masiku ano ambiri a ana athu a m'mizinda asewera pa lamya za m'manja, ndipo pamenepo palinso masewera a m'Baibulo. Sindiwatsutsa, ndipo ena ndi othandiza. Koma lamya iseweretsa mwana yekha, ndiponso ibwezanso vuto lija la ana a akapitao, pakuti wina ali nayo, wina alibe. Lamya singanyamule nkhosa yopezeka, ndipo singailulutire.

Pali chinthu chinanso chokhudza ife amene mipingo yathu ili m'maiko angapo. Zidzukulu za anthu amene adapita kumigodi ndi kumapulazi zilankhula Chishona, Chindebele, Chizulu, Chibemba kapena Chingerezi kusukulu ndi pamsewu, ndipo m'tchalitchi zimva Buku Lopatulika kapena Buku Loyera la 1998 ngati mau a alendo. Mwana afunika kumva Uthenga m'chinenero chimene chimfika pamtima, ndipo tisamkanize zimenezo. Koma ndaona kuti chilape chophedwa ndi agogo chilowa kumene galamala ilephera. Nkhalamba zathu zimene zingokhala pa benchi la kumbuyo ndizo aphunzitsi amene sitidawalembe ntchito. Mneneri uja adaona nkhalamba ndi ana m'njira imodzi. Ifenso tiwakhazike pa mphasa imodzi.

Pempho langa kwa Sinodi

Pomaliza ndipempha zinthu zitatu, ndipo a Mlembi azilembe.

Choyamba, Komiti ya Sande Sukulu isonkhanitse zilape ndi masewera a m'Baibulo amene aphunzitsi ndi amai athu akugwiritsa kale ntchito m'mipingo, iwayese ndi Malembo, niwasindikize m'kabuku kotsika mtengo m'zinenero za ana athu.

Chachiwiri, Presbiterio iliyonse ikonze maphunziro a aphunzitsi a Sande Sukulu kamodzi pa chaka, ndipo pa maphunziro amenewo aphunzitsi asewere okha masewerawa, osangomva za iwo. Ophunzira za ubusa naonso asadzozedwe asadakhale pa mphasa ya ana kwa nyengo yokwanira.

Chachitatu ndi cha ife abusa ndi akulu a mpingo. Poyendera mipingo timafunsa za chopereka, za milandu ndi za denga lodontha. Tiyeni tionjeze funso limodzi kwa mphunzitsi wa ana: "Ndani adaleka kubwera chaka chino, ndipo ndani adapita kukamfuna?" Akulu adati m'mera mpoyamba. Sinodi imene idzasonkhana zaka makumi asanu zikudzazo ili pa mphasa lero lino, ndipo ena a atsogoleri ake sadayambe kuwerenga.

Mtsikana uja, ngati ali moyo, lero ndi mai wa ana ake. Ndimampempherera kuti Mbusa wabwino, amene satopa kufunafuna, adampeza pa njira ina imene ine sindiidziwa. Koma ndipempha kuti pasakhalenso mwana wina wotuluka m'nyumba ya Mulungu ndi manyazi chifukwa cha ife. Ambuye amene adafungatira tiana, nawadalitsa, atipatse nzeru ndi mtima wodzichepetsa kuti tigwade pansi pamene pali iwo. Amen.